Kusulana kodutsa malire: mmene mabungwe omwe si aboma a m'chigawo chathu cha kum'mwera kwa Africa amaphunzitsirana ntchito

Pa 20 Januwale 2025, tsiku lomwe analumbira kukhalanso mtsogoleri wa dziko la America, Donald Trump anasaina chikalata choimitsa kaye thandizo lopita kumayiko akunja kwa masiku 90. Pofika pa 1 Julayi chaka chomwecho, bungwe la USAID, limene boma la America linkaperekera thandizo lake kumayiko akunja, linali litatseka zitseko. Zimene zinamveka kwambiri kuno ku Malawi ndi za mankhwala komanso za anthu amene ntchito zinawathera mwadzidzidzi. Koma m'maofesi a mabungwe omwe si aboma, momwe anthu anakhala pansi ndi bajeti n'kuyamba kufufuta mizere, munabukanso mkangano wina. Pali mzere umene susowa mu bajeti zambiri, wolembedwa kuti capacity building, ndipo kunsi kwake kumakhala maulendo a ku Lusaka, Harare, Johannesburg kapena Arusha. Kodi mzere umenewu ndi ndiwo, kapena ndi zokometsera chabe?

Ena amati ndi maulendo okadya alawansi basi, ngati atha athe. Ena amati bungwe lawo likanafa kalekale pakanapanda zimene anakaphunzira kwa anzawo a kutsidya kwa malire. Onsewa akunena zimene anaona ndi maso. Vuto ndi lakuti dzina limodzili likuphimba zinthu zosiyana kwambiri, ndipo ambiri amene timalitchula sitinakhalepo pansi n'kulimasula.

Kodi capacity building n'chiyani kwenikweni?

M'Chichewa timangoti maphunziro, kapena kusula anthu. Koma mawuwa amatanthauza zoposa pamenepo: ndi kulimbitsa bungwe kuti lizitha kugwira ntchito yake palokha, lero ndi mawa, ngakhale amene analiyambitsa atachoka.

Tiyerekeze ndi gulu la kumudzi losamalira ana amasiye, la mtundu umene timautcha CBO, kutanthauza bungwe loyambitsidwa ndi eni dera. Msungichuma wawo ndi mayi wokhulupirika, wosankhidwa chifukwa sanamvekepo mbiri ya kuba. Ndalama amazisunga m'kachitini, malisiti ali mu jumbo yomwe amaipachika pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo zolowa ndi zotuluka amazilemba m'kope la mwana wa sukulu, masamba ena atanyowapo ndi mvula. Palibe tambala imene inasowapo. Koma tsiku limene wothandiza wakunja anena kuti "tionetseni mmene munagwiritsira ntchito ndalama za chaka chatha", gululi liluza thandizo, osati chifukwa cha kuba koma chifukwa chosowa njira yoonetsera kuti silinabe.

Kuwatumiza mayiwa ku maphunziro a masiku atatu a kalembedwe ka ndalama ndi gawo loyamba, losula munthu. Gawo lachiwiri ndi losula bungwe: kutsegula akaunti ku banki yosainira anthu awiri kapena atatu, kugwirizana kuti wotulutsa ndalama asakhale yemweyo wovomereza, kukhala ndi komiti yomwe imakumanadi ndi kulemba zimene yagwirizana, kukhala ndi malamulo a gulu onena zochita wapampando akakana kutula udindo. Gawo lachitatu ndi la kunja kwa bungwe: kudziwana ndi mabungwe ena, kudziwa malamulo a dziko, kukhala ndi liwu kukhonsolo.

Kusula munthu yekha kuli ngati kuthira chimanga m'nkhokwe yoboola pansi. Mayi aja akadzasamukira kwina kapena akadzapeza ntchito m'tauni, nzeru zonse zimapita nawo, jumbo ija n'kubwerera pa msomali. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa mapulogalamu amene amasiya kanthu ndi amene amangosiya masatifiketi.

Tinenenso za amene akusulidwawo. Tikamati mabungwe ongodzipereka sitikutanthauza kuti aliyense mmenemo sagwirira malipiro. Tikunena mabungwe amene si aboma komanso sanakhazikitsidwe kuti eni ake azigawana phindu: kuyambira gulu la pansi pa mtengo, nthambi zachitukuko za mipingo ndi mizikiti, mpaka mabungwe akuluakulu a magalimoto olembedwa mayina m'zitseko. Ali ndi antchito olipidwa, koma pansi penipeni amatsamira mavolontiya, anthu ogwira ntchito mwa kufuna kwawo, amene nthawi zambiri malipiro awo ndi tisheti ndi njinga.

N'chifukwa chiyani kudutsa malire?

Funso ndi lomveka. Aphunzitsi alipo ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kulipira ndege ya ku Gaborone n'kufunanji?

Choyamba, mavuto amene mabungwewa amalimbana nawo safunsa pasipoti. Namondwe wa Idai mu Malichi 2019 anasakaza Beira ku Mozambique, Chimanimani ku Zimbabwe komanso Nsanje ndi Chikwawa kuno. Freddy mu Malichi 2023 analowera ku Zambezia asanagwetse matope ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe. Mtsinje wa Ruo ndi malire a mayiko awiri, ndipo ukasefukira sumasankha tsidya. Ngati mavolontiya a mbali ziwirizi anaphunzira njira zofanana zochenjezera anthu ndi zolembera othawa madzi, ntchito imayenda. Ngati aliyense ali ndi fomu yakeyake, banja limodzi limalembedwa kawiri, lina osalembedwa n'komwe. Edzi nayo inayenda ndi misewu yomweyi ya Mwanza, Dedza ndi Mchinji, ndipo ndi iyo imene inabala migwirizano yambiri ya m'chigawo imene ilipo lero.

Chachiwiri ndi mtengo. Katswiri wa nkhani yapadera, monga ya malamulo okhudza ufulu wa odwala, sapezeka m'dziko lililonse. Kulemba buku lophunzitsira kamodzi n'kuligwiritsa ntchito m'mayiko khumi n'kotchipa kusiyana ndi kulilemba kakhumi.

Chachitatu ndi chimene ine ndimachiona kuti n'cholemera kuposa zinazo. Munthu amamva msanga zochokera kwa mnzake wofanana naye mavuto. Katswiri wochokera ku Ulaya akanena kuti sungani zonse pa kompyuta, wa ku Ntchisi amangogwedeza mutu mwaulemu. Koma mnzake wa ku Katete ku Zambia, amene naye magetsi amamuzimira, naye thandizo limamufika mochedwa, naye ayenera kuyamba wapita kwa mfumu asanaitanitse msonkhano, akanena kuti "ife tinachita chonchi", mawuwo amalowa. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo kake kazikhala koti kangamete mutu ngati wathuwu.

Ndani amakhala pa mgwirizano wotere?

Sikuti pali ofesi imodzi yoyendetsa zonse. Pali magulu angapo olukanalukana.

Pamwamba pali mabungwe osonkhanitsa anzawo. Ku Malawi ndi CONGOMA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1992 kulowa m'malo mwa Council for Social Welfare Services in Malawi ya mu 1985. Ku Zimbabwe kuli NANGO, ku Botswana BOCONGO. Mabungwe otere anagwirizana mu 1998 n'kupanga SADC Council of NGOs, yomwe likulu lake lili ku Gaborone, mzinda womwewo umene uli likulu la SADC, mgwirizano wa mayiko a kum'mwera kwa Africa. Maziko ake ali m'pangano la SADC la mu 1992, lomwe ndime yake ya 23 imati mayiko adzayesetsa kugwira ntchito limodzi ndi anthu awo komanso mabungwe omwe si aboma. Ntchito yaikulu ya gulu ili ndi kulankhula ndi maboma. Maphunziro ake amakhala a mmene mungatsatirire mfundo za chigawo ndi kufikitsa madandaulo kumene zisankho zimapangidwa.

Kenako pali migwirizano ya nkhani imodziimodzi, ndipo kusula kwenikweni kumachitika kwambiri muno. SAfAIDS inayamba ku Harare mu 1994 pofalitsa uthenga wa Edzi. PELUM, ya mu 1995, imasonkhanitsa mabungwe ogwira ntchito ndi alimi ang'onoang'ono pa ulimi wosamalira nthaka. ARASA, yomwe inayamba mu 2002 ndipo ofesi yake ili ku Windhoek, imasula omenyera ufulu pa nkhani za umoyo. REPSSI, ya chaka chomwecho, imaphunzitsa osamalira ana mmene angathandizire mwana wosweka mtima, osati wanjala yekha.

Palinso malo ophunzirira amene anamangidwira ntchito imeneyi. Mindolo Ecumenical Foundation ku Kitwe yakhala ikulandira ophunzira a m'mayiko ambiri a mu Africa kuyambira mu 1958. MS TCDC, pafupi ndi Arusha ku Tanzania, inayamba mu 1967 ngati malo okonzekeretsera mavolontiya a ku Denmark asanayambe ntchito. Lero ophunzira ake ambiri ndi antchito a mabungwe a mu Africa muno. Mbiri ya malo amenewa ikuonetsa mmene zinthu zatembenukira: poyamba ankasula alendo kuti adzatithandize, pano akusula ife eni.

Ndipo kumbuyo kwa onsewa kuli madona, eni ndalama. Tibwereranso kwa iwo.

Njira yoyamba: kuphunzitsa aphunzitsi

Njira yofala kwambiri ndi yomwe amaitcha TOT, kuphunzitsa anthu ochepa kuti akaphunzitse ena. Anthu awiri a dziko lililonse amakumana ku Johannesburg kwa sabata. Akabwera amaphunzitsa anthu makumi atatu ku Lilongwe. Amenewo amapita m'maboma, a m'maboma n'kutsikira kumidzi.

Ikayenda bwino, njirayi imachita zodabwitsa, ndipo umboni wake uli pa khonde la pafupifupi mudzi uliwonse. Banki mkhonde sinayambire kuno. Bungwe la CARE linayamba njirayi ku Niger mu 1991 ndi magulu a amayi, ndipo inayenda dziko ndi dziko kudzera mwa alangizi ophunzitsa alangizi anzawo, mpaka inafika poti mudzi wina umangoonera kwa mudzi woyandikana nawo popanda bungwe lililonse. Chinaithandiza n'chiyani? Malamulo ake ndi ochepa ndiponso ooneka ndi maso. Bokosi lachitsulo la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, wosunga bokosi alibe kiyi. Ndalama zimawerengedwa mokweza pamaso pa onse. Masheya amadindidwa m'kabuku ka aliyense. Pakutha pa chaka, kugawana. Munthu woti sanapite ku sukulu akhoza kuonera kamodzi n'kukafotokozera ena osalakwitsa.

Koma si nzeru zonse zimene zili ngati bokosi la maloko atatu. Maphunziro a uphungu, a kuteteza ana ku nkhanza, a kalondolondo wa bajeti ya boma, amafuna kuyeserera, kulakwitsa ndi kukonzedwa. Akamatsika masitepe aja amakhala ngati thobwa la pa ukwati alendo akachuluka: aliyense wolandira amathirako madzi pang'ono. Za masiku asanu ku Johannesburg zimakhala za masiku awiri ku Lilongwe, za tsiku limodzi ku boma, ndipo kumudzi zimafika ngati chilengezo cha pambuyo pa mapemphero. Mapulogalamu amene amadziwa vutoli amaika ndalama zoti mphunzitsi woyamba uja azitsika kukaonerera ophunzira ake akuphunzitsa. Ndalama zimenezi n'zimene zimayamba kudulidwa bajeti ikachepa, chifukwa sizibala chithunzi cha gulu choika mu lipoti.

Njira yachiwiri: sukulu yopanda makoma

Njira inayi ndi yakale ngati ulimi womwe: kupita kukaona munda wa mnzako.

Mu 1987, chipatala cha Chikankata cha mpingo wa Salvation Army, kufupi ndi Mazabuka ku Zambia, chinadzaza ndi odwala Edzi pa nthawi imene kunalibe mankhwala otalikitsa moyo. M'malo momanga mawodi ena, anayamba kutsatira odwala kumakomo kwawo, kuphunzitsa achibale kasamalidwe, ndi kukambirana ndi mudzi wonse. Chaka chomwecho ku Uganda, Noerine Kaleeba ndi anzake anayambitsa TASO, gulu la anthu okhudzidwa ndi matendawa lothandizana okhaokha. Malo awiriwa anasanduka sukulu. Anthu a mabungwe ndi a mipingo ochokera m'mayiko osiyanasiyana ankapita kukaona, kukayenda nawo m'midzi, n'kubwerera kukayesa kwawo. Chisamaliro cha odwala pakhomo chimene mavolontiya a kuno anagwira kwa zaka zambiri, atanyamula kachikwama ka magolovesi, sopo ndi panado, ndi cha m'banja limeneli.

Bungwe la SAT, lolimbitsa magulu olimbana ndi Edzi, lomwe linayamba ku Harare mu 1990 ndi thandizo la dziko la Canada, linatenga kaphunziridwe kotere n'kukapatsa dongosolo ndi dzina lakuti School Without Walls, kapena kuti sukulu yopanda makoma. Mfundo yake inali yakuti bungwe limene lakhwima pa ntchito ina likhale mphunzitsi wa bungwe laling'ono, kaya la m'dziko lomwelo kaya la kutsidya. Ophunzira ankapita kukakhala pa bungwe linzawo, kuona mmene amalembera odwala, mmene amachitira misonkhano, mmene amathetsera mikangano ya mavolontiya. Pambuyo pake aphunzitsi aja ankabwezera ulendo.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti mlendo amaona ndi zimene sizilembedwa m'buku. Amaona kuti pa ofesi ya anzawo galimoto imasainidwa isanatuluke. Amamva mkulu wa bungwe akutsutsidwa ndi wantchito wamng'ono pa msonkhano popanda wina kuchotsedwa ntchito. Amafunsa pa chakudya chamadzulo funso limene sakanalifunsa mu holo: "Nanga inu wapampando wanu atayamba kubwereka ndalama za gulu munatani?" Kuipa kwake n'kwakuti imadya nthawi, imafika kwa anthu ochepa, ndipo n'kovuta kuiwerengera. Dona wofuna kumva kuti anthu 500 aphunzitsidwa sakhutira ndi nkhani ya anthu anayi amene anakakhala milungu itatu ku Chipata.

Njira zina ziwiri, mwachidule

Pali maphunziro a patali okhala ndi satifiketi yovomerezeka. REPSSI, mogwirizana ndi UNICEF ndi yunivesite ya KwaZulu-Natal, inakonza maphunziro a anthu ogwira ntchito ndi ana ndi achinyamata m'madera, oti munthu aziphunzira ali kwawo, akukumana ndi anzake m'kagulu kokhala ndi wowatsogolera. Kwa volontiya amene wagwira ntchito zaka khumi wopanda pepala lililonse, satifiketi yotere si chinthu chaching'ono.

Ndipo chiyambire mliri wa Covid-19 mu 2020, maphunziro ambiri anasamukira pa Zoom. Mtengo unatsika, koma khomo linatsekekera ena: amene ali ndi intaneti ya mu ofesi amaphunzira, wa ku Chitipa bandulo imamuthera mphunzitsi ali pakati pa chiganizo.

Ndalama zimayenda bwanji?

Apa ndi pamene pamabisala zambiri. Kawirikawiri dona sapereka ndalama kwa CBO mwachindunji. Amapereka kwa bungwe lalikulu, lakunja kapena la m'chigawo, limene limasaina pangano ndi kuyankha pa ndalama zonse. Ilo limagawira mabungwe a m'mayiko, amenewo n'kugawira a m'maboma. Sitepe iliyonse imatapapo zoyendetsera ofesi, ndipo izi si kuba, chifukwa lendi, oditi ndi malipiro a akauntanti ndi zenizeni. Koma wa pansi penipeni nthawi zambiri amalandira ndalama za zochitika zokha, zopanda ya lendi kapena ya magetsi, kwinaku akuuzidwa kuti alimbe.

Bungwe lisanalandire kanthu limayesedwa kaye. Kumabwera anthu ndi fomu yaitali: kodi muli ndi bodi? Inakumana liti? Ndondomeko yogulira katundu ilipo? Mabuku anu anaunikidwa ndi oditala? Pamene mwalephera ndi pamene pamakhala mutu wa maphunziro anu. Poona koyamba palibe cholakwika. Koma taonani amene walemba mafunsowo. Mwini ndalama amafunsa zimene zimamudetsa nkhawa iyeyo, ndiye maphunziro ambiri amathera pa kalembedwe ka malipoti ndi kasungidwe ka malisiti. Pa fomupo sipakhala funso lakuti kodi anthu a m'dera lanu amakukhulupirirani, kapena mungapeze bwanji ndalama kwa anthu a kwanu komweko. Otsutsa dongosololi amati likusula mabungwe kukhala makontilakitala abwino a madona. Oliikira kumbuyo amayankha kuti ndalamazo ndi misonkho ya anthu a mayiko ena, ndipo popanda malisiti sizingabwere n'komwe. Amawonjezanso kuti bungwe lodziwa kusunga mabuku limatetezeka ngakhale kwa akuba a m'kati mwake.

Madona eni ake anavomereza kuti pali chokhota. Pa msonkhano wa ku Istanbul mu Meyi 2016 anasaina pangano lotchedwa Grand Bargain, lakuti pofika 2020, madola 25 pa madola 100 aliwonse a thandizo la pa ngozi azipita kwa mabungwe a eni dziko mosadutsa m'manja ambiri. Chaka cha 2020 chinadutsa lonjezo lisanakwaniritsidwe. Mu Novembala 2021 mkulu wa USAID, Samantha Power, analonjezanso gawo lomwelo pofika 2025. Mu 2022 USAID inali pa madola pafupifupi 10 pa 100 aliwonse, ndipo chaka cholonjezedwacho chitafika bungwelo ndi limene linatha. Chifukwa chimene chimaperekedwa kawirikawiri pochedwetsa malonjezowa n'chakuti mabungwe a eni dziko sanakhwime. Eni dziko nawo amafunsa kuti: zaka makumi atatu za maphunziro zija zinapita kuti, ndipo adzalengeze kuti takhwima ndani?

Nkhani ya alawansi

Tisaizembe. Aliyense amene anakhalapo mu wekishopu amaidziwa holo ija ya ku Mponela, Salima kapena Mangochi: matebulo oyalidwa nsalu zoyera, botolo la madzi ndi timaswiti pa malo a aliyense, mapepala aakulu omatidwa kukhoma, wina wasankhidwa kukhala wosunga nthawi, wina woyambitsa nyimbo anthu akayamba kusinza. Ndiye pamabwera fomu yosainira. Nthawi imeneyo ngakhale amene anatuluka kukayankha foni m'mawa amapezeka wabwerera.

Alawansi inayamba ndi cholinga chabwino, kubweza zimene munthu wawononga pa ulendo, pogona ndi chakudya. Koma pamene malipiro ndi ochepa, ndalama ya masiku atatu ku hotela ikhoza kuposa ya mwezi, ndipo ya ulendo wakunja, yolipidwa m'madola, imaposeratu. Mu 2012 bungwe la Norad la ku Norway linatulutsa kafukufuku wa nkhani imeneyi m'mayiko a Malawi, Tanzania ndi Ethiopia, woonetsa mmene alawansi imapotozera zisankho. Zotsatira zake timazidziwa. Kalata yoitana msungichuma imathera m'thumba la bwana. Munthu mmodzi amaphunzira mutu womwewo kanayi. Msonkhano umene ukanachitikira mu ofesi umasamutsidwira kunja kwa mzinda kuti ukhale ulendo.

Madona ena anayankha polipira okha hotela ndi chakudya, wophunzira osagwira ndalama m'manja. Izi zinachepetsa okonda maulendo, koma zinabweretsa dandaulo lina lomveka: volontiya wasiya munda wake kapena geni yake kwa sabata, wagona pabwino ndi kudya nyama, koma wabwerera kunyumba chimanjamanja pomwe ana akudikira. Amene amamuphunzitsa kudzipereka ali pa malipiro a mwezi ndi mwezi. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo mkanganowu sunathe.

Zopinga zina zimene chigawo chimabweretsa

Chilankhulo ndi chimodzi, ndipo chili ndi chodabwitsa chake. Mlimi wa ku Dedza, wa ku Angónia m'chigawo cha Tete ndi wa ku Chipata akhoza kukhala pa mphasa imodzi n'kukambirana za manyowa tsiku lonse m'chilankhulo chawo chobadwa nacho. Koma akaitanidwa ku maphunziro a chigawo, wa ku Mozambique amafuna womasulira Chipwitikizi, enawo akulimbana ndi Chingerezi, ndipo mapeto ake amene amatumidwa ndi odziwa Chingerezi, osati odziwa ntchito. SADC imagwiritsa ntchito Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi, ndipo mu 2019 inawonjezera Chiswahili. Migwirizano ing'onoing'ono ya maboma oyandikana malire, monga Mchinji ndi Chipata, ilibe vuto limeneli, ndiponso ulendo wake ndi wa minibasi.

Malamulo nawo amasiyana. Ku Malawi lamulo la mabungwe omwe si aboma linasinthidwa mu 2022, ndipo bungwe lowayang'anira linakhala NGORA, komwe amayenera kulembetsa ndi kupereka malipoti a chaka ndi chaka pamodzi ndi mabuku ounikidwa. Zambia inakhazikitsa lamulo lake mu 2009. Zimbabwe inakhwimitsa lake mu Epulo 2025. Buku limodzi lophunzitsira kayendetsedwe ka bungwe silingakwane monsemu popanda kulisoka mwatsopano, ndipo njira yolankhulira ndi boma imene imayenda ku Gaborone ikhoza kutsekeretsa bungwe kwina.

Chomaliza ndi kuthawa kwa osulidwa. Bungwe laling'ono limatumiza mnyamata wake wanzeru ku Arusha; akabwera ndi satifiketi, bungwe lalikulu, mwina lomwelo limene linalipira maphunzirowo, limamulemba ntchito pa malipiro owirikiza. Kwa mnyamatayo ndi dalitso, ndipo dziko silinaluze kanthu. Koma bungwe lija labwerera pomwe linali, ndipo chaka chamawa fomu ija idzalipezanso losakhwima.

Mungadziwe bwanji ngati zaphula kanthu?

Malipoti ambiri amawerenga mitu: anthu angati anabwera, amayi angati, abambo angati. Ena amawonjeza mayeso a poyamba ndi a pomaliza. Zonsezi zimangonena zimene zinachitika mu holo. Ofufuza amene amafunadi kudziwa amabwerera patatha miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, osapita ku hotela koma ku ofesi ya bungwe, n'kufunsa zinthu zooneka. Kodi bodi yakumana kangati chichokereni ku maphunziro, ndipo zokambirana zinalembedwa? Cheke chikusainidwa ndi anthu angati? Amene anapita uja anafotokozera anzake, kapena buku lija lili m'sutikesi kunyumba kwake? Pali ndalama ina iliyonse imene bungwe lapeza kuchokera kwina, kaya ndi zopereka za mamembala, kaya chigayo, kaya mpingo?

Funso lomalizali lalemera kwambiri chichokereni USAID. Mabungwe a m'chigawo amene ankakonza maphunziro ankadalira madona omwewo, ndiye nawonso akuchepetsa antchito ndi maulendo. Zimene zingapitirire popanda ndalama zambiri ndi zija zotchipa: gulu la pa WhatsApp la anthu amene anakumana ku maphunziro zaka zapitazo ndipo amatumizirana mafomu ndi malangizo, akauntanti wa bungwe lina wopita Loweruka kukathandiza CBO yoyandikana nayo kukonza mabuku, mabungwe atatu olemba pulopozo imodzi kapena kulipira oditala mmodzi mogawana.

Ngati gulu lanu lalandira kalata yoitanira ku maphunziro a chigawo, komiti ikhale pansi isanasankhe wopita. Ifunse oitanawo kuti mutuwo anausankha ndani, ngati padzakhale wobwera kudzaona pambuyo pake, ndiponso ngati malo angapatsidwe kwa anthu awiri m'malo mwa mmodzi. Ndipo tsiku loti wopitayo adzafotokozere anzake zimene waphunzira lilembedwe m'kope la gulu iye asanakwere basi.